Buku limayenda m'manja ambiri, kachipangizo kamadziwa mwini mmodzi

Mvula itasiya mu 2021, ndinakoka katoni imene inkakhala kunsi kwa bedi m'chipinda cha alendo kuti ndifunemo buku la galamala limene ndinkaphunzitsira ndisanapume pantchito, koma chimene chinabwera m'manja mwanga chinali zipupa za katoniyo zokha, pansi pake patatsalira pomwepo. Chiswe chinali chitapeza mng'alu pakona pa simenti, n'kukwera mwakachetechete, n'kumanga tinjira take tadothi pakati pa masamba, moti mabuku oposa 30 anali atagwirana kukhala chinthu chimodzi chonga chibuma cha pachulu. Ena zikuto zawo zinkaoneka zabwinobwino, koma ukatsegula umapeza mkati monse muli mphako. Munthu aliyense amene wasungapo mabuku kuno ku Salima amadziwa kuti pepala lili ndi adani ambiri m'dera lotentha la m'mbali mwa nyanja lino: chiswe, mphemvu zimene zimatsata guluu wa kumsana kwa buku, makoswe, chuku cha m'miyezi ya dzinja, ndiponso kutentha kwa mu Okutobala kumene kumaumitsa masamba mpaka kumathetheka ngati fodya wouma.

Nkhani ya katoniyi inamufika mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo atabwera kudzadya Khirisimasi chaka chomwecho anandipatsa kachipangizo kopyapyala, kotalika ngati chikhatho chotambasula, kamene kumeneko amakatcha e-reader. Anandiuza akuseka kuti, "Malume, aka chiswe sichingakadye, ndipo mabuku amene ndakuikiranimo ndi ochuluka kuposa amene mwataya." Kuyambira pamenepo anzanga amene amandiona ndikuwerengapo pakhonde kapena m'minibasi ya ku Lilongwe akhala akundifunsa ngati nawonso ayenera kuitanitsa kawo m'malo mopitiriza kugula mabuku osindikizidwa. Kwa nthawi yaitali ndinkangoyankha kuti n'kabwino, koma yankho limenelo silinkandikhutiritsa ngakhale ine mwini, chifukwa linkabisa zinthu zina zimene munthu amaziona pokhapokha atakhala nako kwa zaka zingapo.

Ambiri akakaona koyamba amaganiza kuti ndi tabuleti yaing'ono, ndipo amadabwa ndikawauza kuti sikaonetsa kanema ndiponso sikaimba foni. Kusiyana kwake kwagona pa sikirini. Sikirini ya foni kapena ya kompyuta ndi nyali imene imawalira molunjika m'maso mwa munthu, ndipo imadya moto nthawi yonse imene yayaka. Ya kachipangizoka imagwiritsa ntchito chimene amachitcha inki yamagetsi, luso limene linachokera kwa ofufuza a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, ndipo kampani ya E Ink imene imapanga masikiriniwa inayamba mu 1997. Kunsi kwa galasi kuli timatumba tosawerengeka, kalikonse kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo m'kathumba kalikonse muli timadzi toonekera mkati mmene mumayandama tinjere toyera ndi tinjere takuda. Mphamvu yamagetsi ikadutsa pang'ono, tinjere tamtundu umodzi timakwera pamwamba, tinzake n'kumira, ndipo umo ndi mmene zilembo zakuda zimaonekera patsamba loyera. Tinjereto tikafika pamalo pake timakhala pomwepo osafunanso mphamvu ina, moti batire limagwira ntchito kwenikweni pamene munthu akutembenuza tsamba. N'chifukwa chake kachipangizoka kamatha masabata angapo osatchaja, ndipo padzuwa lowala, pamene foni imachita mdima, iko kamaoneka bwino koposa, monga momwe pepala limachitira.

Kampani ya Sony ndi imene inayamba kugulitsa kachipangizo kamtunduwu ku Japan mu 2004, koma kanatchuka pamene kampani ya ku America ya Amazon inatulutsa kake kotchedwa Kindle mu Novembala 2007 pamtengo wa madola 399, ndipo tizipangizo toyamba tonse tinagulidwa pasanathe maola 6. Palinso Kobo, imene inayambira ku Canada ndipo tsopano ili m'manja mwa kampani ya ku Japan ya Rakuten. Kuyambira cha m'ma 2012 zipangizo zambiri zoterezi zili ndi tinyali tam'mbali timene timaunika tsamba kuchokera m'mphepete, m'malo mowalira m'maso, choncho munthu amatha kuwerenga ngakhale mumdima.

Ubwino wa zonsezi ndinauona posachedwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo ngakhale kuti malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 a kuno ku Nanjoka anali atangotsegulidwa kumene, miyezi yotsatira inali ya mdima m'madera ambiri. Foni yanga inkafa tsiku lisanathe, koma kachipangizoka ndinkangokalumikiza ku kasola kakang'ono kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Usiku ndinkalowa nako m'neti n'kumawerenga ndi kuwala kochepa kwambiri, kopanda utsi wa koloboyi, kopanda mantha akuti kandulo agwera pa neti, ndiponso kosadzutsa mayi a kunyumba amene amagona msanga. Amene anawerengapo buku ndi tochi ya foni pakamwa, udzudzu ukulira m'makutu, adzamvetsa kuti chimenechi si chinthu chochepa.

Chachiwiri chimene sindingachikane ndi nkhani ya maso. Munthu ukapitirira zaka 50 zilembo zimayamba kuthawa, ndipo mabuku ambiri otsika mtengo amasindikizidwa ndi tizilembo tonga nyerere kuti pepala lisachuluke. Pa kachipangizoka ndimakulitsa zilembo mpaka pamene maso anga akhazikika, ndimatalikitsa mizere, ndipo ndikakumana ndi liwu lachingerezi limene landivuta ndimangolidina ndi chala, tanthauzo lake n'kutuluka pomwepo. Mnzanga wina amene tinkaphunzitsira limodzi, yemwe anasiya kuwerenga chifukwa magalasi ake sankamuthandizanso, anakagwira madzulo ena n'kuwerenga masamba 20 osapuma, kenaka anakhala chete kwa kanthawi ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake wotayika.

Ndiye pali nkhani ya kupezeka kwa mabukuwo. Kuno kwathu m'masitolo ogulitsa mabuku mumapezeka makamaka a kusukulu, Mabaibulo, mabuku a nyimbo ndi makope, ndipo wofuna buku la mbiri yakale kapena nthano yaitali amayenera kuyenda makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe, kumenenso amadalira mwayi wa zimene mavenda ayala m'mbali mwa msewu tsiku limenelo. Pa intaneti pali nkhokwe yotchedwa Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyamba mu 1971, ndipo muli mabuku oposa 70,000 amene nthawi ya umwini wake inatha, moti aliyense ali ndi ufulu wowatenga kwaulere. Buku la mawu okhaokha, lopanda zithunzi, nthawi zambiri limalemera megabaiti imodzi kapena ziwiri, kutanthauza kuti bandulo imene mwana amathera pa kanema mmodzi wa pa WhatsApp ingathe kubweretsa mabuku angapo okwanira kuwerenga miyezi. Komanso moto ndi madzi sizimaliza mabuku oterewa kamodzi n'kamodzi monga zimachitira ndi pepala, popeza amakhala atasungidwanso kwina. Tonse tikukumbukira mmene laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu inapsera mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa usiku umodzi, ndipo amene anaona madzi osefukira a ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 akudziwa chimene chimatsala pa buku likagona m'matope.

Ndikanati ndilekere pamenepa, bwenzi yankho lili losavuta. Koma mabuku aulere aja ndi akale, ambiri olembedwa zaka 100 zapitazo kapena kuposerapo, ndipo tsiku limene ndinafuna buku latsopano ndi limene ndinayamba kuona mbali ina. Masitolo akuluakulu a pa intaneti amagulitsa m'madola, ndipo amafuna khadi la kubanki lotha kulipira m'ndalama zakunja, chinthu chimene mphunzitsi wopuma pantchito kapena mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu sakhala nacho wamba. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti buku limene mtengo wake kunjako sunasinthe, kwa ife linakwera kawiri popanda wina kulikhudza. Ine ndimadalira mwana wa mlongo wanga uja kuti azindigulira, ndipo munthu wamkulu sungamapemphe mwana mwezi ndi mwezi. Kachipangizo kenikeniko nakonso sikapezeka m'masitolo a kuno, ndipo kakaitanitsidwa kuchokera kunja, mtengo wake pamodzi ndi msonkho ndi ulendo umakwana kugula mabuku a kaunjika odzaza shelefu yathunthu.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri sachidziwa, chakuti buku logulidwa pa intaneti silikhala lako monga limakhalira buku limene walipira pa kauntala n'kuliika m'thumba. Chimene munthu amagula ndi chilolezo chowerenga, ndipo mabuku ambiri amabwera atakhomedwa ndi loko amene amawamangirira ku akaunti ya munthu mmodzi ndi zipangizo za kampani imodzi. Mu Julayi 2009 Amazon inafufuta mabuku awiri a George Orwell m'zipangizo za anthu amene anali atawagula kale, itazindikira kuti amene anawaika pamsika analibe chilolezo, ndipo ngakhale ndalama zinabwezedwa ndiponso mkulu wa kampaniyo anapepesa, anthu anaphunzirapo kuti dzanja limene linaika buku m'kachipangizo lingathenso kulichotsa lili kutali. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku a pa intaneti, ndipo mabuku onse amene anthu anagula kumeneko analeka kutseguka, iwo n'kungolandira ndalama zawo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo buku limene likukhala mwa chifundo cha kompyuta ya kutsidya kwa nyanja ndimaliona ngati lidakali pachala.

Komabe chimene chinandisintha maganizo kwambiri si mtengo kapena loko, koma kabuku kena kakale kamene ndinakapeza m'dirowa, mmene ndinkalembamo maina a anthu obwereka mabuku anga pa zaka zimene ndinali mphunzitsi. Nditawerenga masamba ake ndinaona kuti buku limodzi la nthano, limene ndinaligula kamodzi kokha, linabwerekedwa ka 14, ndipo ndikudziwa bwino kuti aliyense wobwereka ankabwereketsanso m'bale wake kapena mnzake lisanabwerere kwa ine. Linapita ku Khombedza ndi mnyamata wa fomu 3, linakafika ku Chipoka ndi namwino wina, linagona miyezi iwiri ku Senga Bay n'kubwera likununkha utsi ndi usipa, wina n'kulikutira ndi pepala la thumba la simenti pofuna kuliteteza, winanso n'kusoka msana wake ndi ulusi wa ukonde. Umo ndi mmene buku limakhalira kwathu kuno. Kumaiko kumene zipangizozi zinapangidwa, munthu amagula buku lake, n'kuwerenga yekha, n'kuliika pa shelefu, choncho kusamukira pa kachipangizo sikumulanda kanthu kwenikweni. Kwa ife buku limodzi ndi la mudzi wonse wa anthu odziwa kuwerenga, ndipo mtengo wake weniweni umagawika pa mitu yonse imene lidzadutsamo, ngakhale kuti wolipira anali mmodzi.

Kachipangizoka sikadziwa moyo umenewo. Kuti ndibwereketse buku limodzi, ndiyenera kupereka nkhokwe yonse, ine n'kutsala wopanda chowerenga, ndipo chimene ndapereka ndi chinthu cha mtengo wapatali chimene sichichedwa kusweka. Ndinayesapo kamodzi. Mwana wamkazi wa aneba athu, amene ankakonzekera mayeso a fomu 4, anabwera ndi ulemu wonse n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndimati ngati n'kotheka mundibwerekeko kwa masiku atatu okha." Ndinamupatsa, koma masiku atatuwo mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti mayi ake nawonso sankagona, ankakabisa m'sutikesi kuopa azing'ono ake, podziwa kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Mantha awo anali ndi maziko, chifukwa kunsi kwa sikiriniyi kuli galasi lopyapyala kwambiri limene limathyoka munthu akangokhalira kachipangizoka kapena kukapanikiza m'chikwama, ndipo anyamata okonza mafoni pa Kamuzu Road, ngakhale ali ndi luso lodabwitsa, alibe masikirini amtunduwu. Buku lapepala likagwa mumalitola n'kulipukuta, likang'ambika mumalimata, ndipo likatayika mwataya buku limodzi. Mtsikanayo anakabweza tsiku lachitatu m'mawa atakakulunga m'chitenje, ndipo kwa nthawi yaitali sanabwerenso kudzabwereka, pamene kale ankabwera mwezi uliwonse kudzasankha pa shelefu.

Pali kanthu kenanso kochepa kamene kanandilasa. Mdzukulu wanga wa zaka 6 anandipeza pakhonde ndili ndi kachipangizoka, n'kufunsa kuti, "Agogo, mukuonera chiyani?" Sanati mukuwerenga chiyani. Kwa iye munthu woweramira chinthu chagalasi ndiye kuti akuonera, monga amachitira akuluakulu onse ndi mafoni awo. Ana anga anaphunzira kukonda mabuku chifukwa ankawaona m'nyumba tsiku ndi tsiku, ankasolola limodzi mwachidwi, n'kuyang'ana zithunzi, n'kulibweza chozondoka, mpaka tsiku lina n'kuyamba kuwerenga. Shelefu imaitana mwana ngakhale mwini wake ali kumunda, pamene mabuku 500 otsekeredwa m'kachipangizo kamene agogo amakasunga pansi pa pilo saitana aliyense. Bambo anga anandisiyira Buku Lopatulika limene anagula cha m'ma 1960, la kumasulira kuja kumene kunasindikizidwa kathunthu koyamba mu 1922, ndipo m'masamba oyambirira analembamo ndi dzanja lawo masiku amene tonsefe tinabadwa. Likuwerengeka mpaka lero popanda tchaja. Batire la kachipangizo kanga layamba kale kufooka, ndipo sindikhulupirira kuti mdzukulu wangayo adzakhala ndi choti n'kutsegula akadzakula.

Tsopano ndifike pa nkhani imene imandipweteka kwambiri monga munthu amene anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri. Chaka choyamba chitatha ndinawerenga mndandanda wa mabuku amene ndinamaliza pa kachipangizoka, ndipo anakwana 41, koma panalibe ngakhale limodzi la m'Chichewa. Sindinachite kusankha motero, koma munthu amadya zimene zili m'nkhokwe. Nthano, masewero, ndakatulo ndi mabuku a miyambo amene anatulutsidwa ndi makampani ngati Popular Publications, Dzuka, CLAIM ndi Likuni Press, amene anatiphunzitsa ambirife kuti chilankhulo chathu chingathe kunyamula nkhani yaitali, ndinawafufuza m'masitolo a pa intaneti koma sindinawapeze. Chimene chimapezeka mosavuta ndi Baibulo, limene lili pa mafoni m'kumasulira kungapo, ndi tinkhani ta ana tonga timene bungwe la African Storybook limaika kwaulere. Osindikiza athu sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa aona mmene buku la kusukulu limajambulidwira ndi foni lero, mawa n'kukhala litazungulira magulu onse a pa WhatsApp, wolemba osalandirapo ngakhale tambala, ngakhale kuti pali lamulo la umwini wa zolemba la 2016 ndiponso bungwe la COSOMA loteteza alembi ndi oimba. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amene wasamukiratu pa kachipangizo amasamukiranso m'Chingerezi osazindikira, ndipo ndalama yochepa imene akanagulira buku la mlembi wa kwathu imapita kunja. Msika wa mabuku a Chichewa ndi waung'ono kale, ndipo anthu amene angathe kupeza kachipangizoka ndi omwewonso amene anali ogula ake odalirika.

Anzanga aphunzitsi amafunsanso ngati munthu amamvetsa mofanana akawerenga pa galasi ndi pa pepala. Mu 2018 ofufuza otsogozedwa ndi Pablo Delgado wa ku yunivesite ya Valencia ku Spain anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 54 wokhudza anthu oposa 170,000, ndipo anapeza kuti pepala limapambana pang'ono pa kumvetsa, makamaka pa nkhani zophunzitsa ndiponso pamene wowerenga wapatsidwa nthawi yochepa, koma pa nthano kusiyanako sikunaoneke. Tiyenera kukumbukira kuti ambiri mwa anthuwo ankawerenga pa makompyuta, osati pa inki yamagetsi. Ku Norway, Anne Mangen wa ku yunivesite ya Stavanger ndi anzake anapatsa anthu 50 nthano imodzi ya masamba 28, ena pa Kindle ena pa pepala, ndipo onse anamvetsa nkhaniyo mofanana kupatula pa chinthu chimodzi, chakuti owerenga pa kachipangizo anavutika kwambiri kuika zochitika m'ndondomeko yake. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ndimamva m'manja mwanga. Ndikagwira buku lapepala, dzanja lamanzere limalemera pang'onopang'ono pamene lamanja likupepuka, ndipo thupi limadziwa lokha pamene ndafika. Ndimakumbukira kuti ndime yakutiyakuti ili kumunsi kwa tsamba lakumanzere, pafupi ndi pamene panadonthera tiyi. Pa kachipangizo masamba onse ndi nkhope imodzi, ndipo ndikangosintha kukula kwa zilembo, ndime ija imasamuka.

Kwa mwana wa sukulu vutoli limakula. Kuphunzira sikuyenda molunjika ngati nthano, kumafuna kubwerera m'mbuyo, kutsegula mabuku awiri nthawi imodzi, kuika chala pa mapu uku ukuwerenga tsamba lina, ndi kulemba m'mphepete ndi pensulo. Mabuku ndi manotsi ambiri amene ana athu amatumizirana amakhala a PDF, amene tsamba lake linakonzedwa kuti likwane pa pepala lalikulu, ndipo pa sikirini ya mainchesi 6 zilembo zake zimachepa kwambiri moti munthu amangokhalira kukoka tsamba uku ndi uku. Zithunzi za sayansi ndi mapu zimataya mitundu yake pa zipangizo zambiri, popeza zoonetsa mitundu zangoyamba kufala posachedwa ndipo n'zodula koposa. Kholo limene likuganiza zogulira mwana wa sekondale kachipangizoka m'malo mwa mabuku a silabasi ndingalilangize kuti lisatero.

Ndiyeno pali funso limene achinyamata amandifunsa moseka, lakuti n'kuguliranji chinthu china pamene foni imatha kutsegula mabuku omwewo. Ali ndi mfundo. Bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti mu 2014 losonyeza kuti m'maiko ngati Ethiopia, Ghana, Kenya, Nigeria ndi Zimbabwe anthu ambiri ankawerenga nkhani ndi mabuku athunthu pa mafoni wamba, ndipo bungwe la Worldreader, limene linayamba mu 2010 pogawa zipangizo za Kindle m'sukulu za ku Ghana, pambuyo pake linaika mphamvu zake zambiri pa mafoni, popeza foni ndi imene ili kale m'thumba mwa anthu. Kwa wachinyamata wa maso akuthwa amene ndalama zake n'zowerengeka, foni ndi yokwanira kuyambirapo. Choipa chake n'chakuti foni ndi msika, ndipo munthu sangawerenge bwino atakhala pakati pa msika. Usanamalize tsamba uthenga wa maliro walowa, gulu la kumpingo layamba kukangana, wina watumiza kanema, ndipo buku laiwalika. Ubwino waukulu wa kachipangizo kanga, umene sindinauyembekezere, ndi umbuli wake, chifukwa palibe china chimene kamadziwa kupatula kuonetsa tsamba limodzi n'kudikira.

Choncho anzanga akandifunsa masiku ano, ndimayamba ndawafunsa kaye kuti amawerenga chiyani ndiponso amawerenga ndi yani. Amene amamaliza mabuku achingerezi awiri kapena atatu pamwezi, amene maso ayamba kumuvuta, amene amayenda maulendo ataliatali kapena amakhala kumene magetsi ndi osadalirika, ndipo ali ndi m'bale kunja woti n'kumubweretsera, ameneyo ndimamuuza kuti sadzanong'oneza bondo, ngakhale atapeza kogwiritsidwapo kale ntchito. Koma amene ali ndi ana m'nyumba, amene amakonda kuwerenga m'Chichewa, amene mabuku ake amayenda m'manja mwa aneba, kapena amene ayenera kusankha pakati pa kachipangizoka ndi mabuku a kusukulu, ndimamuuza kuti ndalamayo aigwiritse ntchito pogula mabuku apepala ndi kukhomera shelefu yabwino. Ndipo amene ali nazo zonse ziwiri ndimamupempha chinthu chimodzi, kuti buku lililonse la mlembi wa kuno kwathu aziligula lapepala, ngakhale wina atamutumizira lojambula pa foni.

Ine ndinapita kwa kalipentala wa pafupi ndi msika n'kumuuza kuti andikhomere shelefu ya miyendo itali, yosagunda khoma, ndipo miyendo yake ndinaiika m'tizitini mmene ndimathiramo oilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisakwere. Mwezi uliwonse ndimatulutsa mabuku onse, n'kuwakuntha fumbi, n'kuyang'ana kumsana kwake ngati mphemvu zayambako. Mwa mabuku a Chichewa amene anathera m'katoni muja ndapezanso 9, ena kwa mavenda a ku Lilongwe, ena kwa ana a sukulu akale amene anali asanabweze kuyambira kalekale ndipo anachita manyazi atamva za tsoka langa. Kachipangizo kaja kamagona pafupi ndi pilo, ndipo usiku uliwonse ndimalowa nako m'neti. Kabuku ka obwereka ndinakatsegulanso tsamba latsopano, ndipo dzina loyamba kulembedwamo linali la mtsikana wa aneba uja, amene tsopano akuphunzira za uphunzitsi. Buku limene anatenga analipereka kwa msuweni wake wa ku Lifuwu, ndipo uthenga umene ndalandira ndi wakuti libwera akamaliza kumweta mpunga.